Mipando, ndolo kapena gitala: mphatso ya Khirisimasi yopita nayo ku Angónia

Funso: Ndimagwira ntchito ku Moatize koma kwathu ndi ku Angónia, kufupi ndi phiri la Dómuè. Mayi a kunyumba ndi ana amakhala kumudzi komweko. Chaka chino ndalandira chipereganyu cha kuntchito, mametikali 45,000, ndipo sindikufuna kungopita ndi mpunga, mafuta ndi zakumwa ngati zaka zonse. Ndikuganiza zogulira makolo anga mipando ya pabalaza, mayi a kunyumba ndolo kapena tcheni cha m'khosi, ndipo mnyamata wanga wachisamba wa zaka 14, amene amaimba kwaya kutchalitchi, gitala kapena kiyibodi. Ndisankhe bwanji kuti ndisataye ndalama pa zinthu zokongola tsiku limodzi lokha?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa nthawi idakalipo. Mpunga ukapsa anthu amadya, nkhani n'kuthera pomwepo, koma mpando, ndolo ndi gitala zimatsala pakhomo zaka zambiri, ndipo chilichonse mwa izo chimafuna malo okhalapo, munthu wochisamala ndi mmisiri wodzachikonza. Musanafunse mtengo m'sitolo, dzifunseni kuti chinthucho chikakhala m'nyumba yotani, komanso kuti chikadzathyoka mu Marichi inu muli ku Moatize, adzachikonza ndani. Zonse ndikuuzenizi zachokera pa funso limeneli.

Tiyambe ndi ndalamazo. Musazigawe patatu mofanana, chifukwa mukatero mudzagula zinthu zitatu zapakatikati, palibe chimene chidzakhale cholimba. Chotsani kaye ya ulendo, ya kunyamulira katundu ndi ya Januwale. Tsiku la 25 Disembala kuno boma limalitcha Dia da Família, kutanthauza Tsiku la Banja, ndipo banja lomwelo ndi limene lidzakuyang'aneni pakangotha milungu itatu: chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, sukulu zili pafupi kutsegulidwa, yunifolomu ya chaka chatha yafupika. Zotsalazo, gawo lalikulu lipite ku mipando, lotsatira ku chida choimbira, laling'ono ku ndolo. Sikuti mayi a kunyumba ndi ochepa, ayi. Kungoti ndolo zabwino zimapezeka pa mtengo wochepa, pamene mpando wotchipa umakhala mpando woipa pafupifupi nthawi zonse.

Za mipando ndichedwapo, popeza anthu ambiri ogwira ntchito m'tauni amalakwitsa pomwepa. Munthu amaona sofa m'sitolo ya ku Tete, yonyezimira, yaikulu, yofewa, n'kuyamba kuiganizira ili pabalaza pa amayi ake. Koma balaza la amayi ake silili ku Tete. Ku Tete ndi ku Moatize n'kuchigwa, kotentha mpaka kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Ku Angónia n'kumtunda, pamwamba kupitirira mamita 1,000, mvula imagwa yambiri ndipo nthawi ya dzinja chinyontho chimalowa m'nyumba n'kukhala momwemo masabata. Katundu wambiri wa m'masitolo, makamaka makabati, matebulo a wailesi yakanema ndi mafelemu a sofa zotchipa, sapangidwa ndi thabwa lenileni. Ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, kenako n'kumatapo pepala looneka ngati mtengo. Zimenezi zikakhala pansi pozira, kapena pa simenti imene amakolopa tsiku ndi tsiku, m'munsimo mumamwa madzi, mumafufuma, pepala lija limasendeka, ndipo sikuluu ikangozuka simagwiranso pamalo pomwepo. Kalipentala wa kumudzi mukamupititsira amangopukusa mutu, chifukwa palibe poti akhomerepo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nsalu ija amati ndi chikopa nayo nthawi zambiri ndi pulasitiki, ndipo pakapita nthawi imang'aluka m'mopindika n'kuyamba kuyoyoka tizidutswa tomamatira ku zovala za alendo.

Chifukwa chake ine ndikanakhala inu sindikanagula mipando ku Tete n'komwe. Ndikanapita kwa kalipentala wa ku Ulongué kapena wa pa Dómuè pomwepo, amene ntchito yake mungaione m'nyumba za anthu. Funsani kutchalitchi kuti mabenchi anakhoma ndani, ndipo akhala zaka zingati. Mmisiri wa pafupi ali ndi ubwino umene sitolo ilibe: mwendo wa mpando ukagwedera, bambo anu atuma mdzukulu pa njinga, mawa lake wakonzedwa. Amadziwanso kuti akachita zachinyengo akumana nanu pamaliro ndi pamsika.

Mtengo wa matabwa muusankhe nokha. Mlombwa, umene ogulitsa matabwa kuno amati umbila, ndi wabwino kwambiri pa mipando ndi makabati: supindika kawirikawiri ukauma, ndipo chiswe sichiukonda. Koma zimenezi n'zoona pa mtima wake wofiirira wokha. Mbali yoyera ya kunja kwa mtengo imafumbwa ngati mtengo wina uliwonse, ndiye muuzeni mmisiri kuti thabwa lokhala ndi zoyera zambiri asaliike ku miyendo. Chanfuta ndi wolemera ndiponso wolimba zedi, wabwino pa tebulo ndi pa bedi. Mbawa nayo ndi yabwino, yosavuta kupala. Paini ndi wotchipa ndi wopepuka, ndipo sindimunyoza ngati nyumba ili ya simenti ndipo wapakidwa mankhwala, koma pansi pozira chiswe chimamupeza msanga. Bulugamu amang'aluka ndi kupotoka akaumitsidwa mothamanga. Tsanya wa kuchigwa kuno ndi wolimba kuposa yonseyi, koma ndi wolemera mopitirira ndipo amagonjetsa misomali ndi zida zopalira, n'chifukwa chake amathera ku nsanamira. Chenjerani ndi chinyengo chofala chopaka paini utoto wofiirira ndi vanishi kuti aoneke ngati mlombwa. Tembenuzani mpandowo muone kunsi kumene sapakako, kanikizani ndi chikhadabo. Chikalowa mosavuta n'kusiya chizindikiro, ndiye kuti mukulipira mtengo wa mlombwa pa paini.

Vuto lalikulu la Disembala ndi matabwa aawisi. Nthawi imeneyi mmisiri aliyense ali ndi maoda ambiri, aliyense akufuna zake zituluke pasanafike pa 24, ndipo matabwa ouma amatha. Thabwa locheka kumene limafuna miyezi ingapo litasanjidwa pamthunzi podutsa mphepo kuti liume, ndipo mvula ikayamba limauma pang'onopang'ono kwambiri. Akakhoma mpando ndi thabwa laliwisi, pa Khirisimasi umaoneka bwinobwino. Pofika Ogasiti, mphepo youma itawomba, matabwa aja afota, molumikizira mwatseguka, pamwamba pa tebulo pachita mng'alu woti mungalowetsemo mpeni. Thabwa laliwisi limazizira mukaligwira, limalemera kuposa linzake la msinkhu womwewo, ndipo zopalidwa zake zimatuluka zonyowa m'malo mouma n'kupiringizika. Ngati mmisiri alibe ouma, ndi bwino akhome mipando iwiri yokha ndi matabwa amene ali nawo ouma, ina idzabwere mu Juni. Makolo sangakhumudwe ndi zimenezo. Iwo amadziwa nyengo kuposa ife.

Mukamalandira mpando musamangouyang'ana. Khalanipo, tsamirani kumbuyo mwamphamvu, gwedezekani uku ndi uku. Mpando wabwino sulira. Utembenuzeni muone mmene miyendo yalumikizidwira: thabwa lizilowa m'bowo la linzake, lomatidwa ndi guluu, ndipo m'makona mukhale timatabwa tochirikiza. Ngati zonse zangogwidwa ndi misomali, ndi mpando wa chaka chimodzi. Yang'ananinso timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi ufa wa mtengo pansi pake, chifukwa kameneko ndi kachilombo kali kale m'kati. Pa malipiro, perekani theka poyamba, theka lina mutaona katundu ndi maso anu kapena a munthu amene mumamukhulupirira. Kutumiza pa e-Mola kapena M-Pesa kuli ndi ubwino woti uthenga umatsala pafoni ngati umboni. Mukalipira zonse pa 1 Disembala, oda yanu ndi imene idzakhale yomalizira.

Tsopano ganizirani anthu odzakhalapowo. Sofa zamakono ndi zazifupi, zakuya ndi zofewa, moti munthu wachikulire wa maondo opweteka akalowamo amasowa podzukira, mpaka agwire dzanja la mdzukulu. Pakapita masiku mudzapeza agogo abwerera pa mphasa yawo, sofa ija yaphimbidwa ndi nsalu kudikira alendo, ndipo makoswe apezamo nyumba. Mpando wa munthu wamkulu ukhale wotalika pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, wokhala ndi pogwira manja polimba, ndi makushoni ochotseka oti atha kuanikidwa padzuwa ndi kuchapidwa nsalu zake. Siponji yake ikhale yolimba: ikanikizeni ndi chibakera, ikabwerera msanga ndi yabwino, mukamva thabwa pansi pake isiyeni. Bambo anu mwina chimene akufuna ndi mpando wandalema umodzi wokha woti aziutulutsa pakhonde madzulo. Ndipo tumani munthu ayeze chitseko ndi chingwe. Nyumba zambiri za kumudzi zili ndi makomo opapatiza, ndipo si zachilendo kuona sofa ya anthu atatu itagona pakhonde mvula ikugwa, anthu akukambirana zogumula felemu.

Ndinenenso ichi, ngakhale simunafunse. Afunseni amayi anu, kapena mlongo wanu amene amakhala nawo pafupi, kuti chikusowa n'chiyani. Ngati denga likudontha, malata atsogole, mipando idikire. Ngati akugona pa matiresi yophwa, bedi ndi matiresi yabwino adzaigwiritsa ntchito usiku uliwonse, pamene mipando ya pabalaza ndi ya Lamlungu. Kabati yokhala ndi sefa ya waya yosungiramo ndiwo ndi mbale imakondweretsa mayi wachikulire kuposa mmene ana ake amaganizira. Mipando yapulasitiki nayo musaipeputse. Pakhomo pa anthu akuluakulu pamachitika misonkhano ya banja, zinkhoswe, miphakati ndi maliro, ndipo mipando isanu ndi umodzi yolimba ya mtunduwu imagwira ntchito yaikulu. Chiswe sichiidya. Mdani wake ndi dzuwa, limene limaiumitsa mpaka kuthetheka, ndi anansi obwereka osabweza, choncho lembani dzina kunsi ndi penti.

Pali nkhani ya apongozi. Ngolo ikatsitsa mipando pakhomo pa makolo anu, mudzi wonse uona, ndipo uthenga ufika kwa makolo a mayi a kunyumba dzuwa lisanalowe. Sindikuti mugule mipando kawiri. Koma bulangete labwino, zitenje ziwiri kapena thumba la feteleza zipite kumeneko, ndipo mukambirane kaye ndi akazi anu. Mukapanda kutero, ndolo zija zidzalandiridwa ndi nkhope yozizira.

Ndolozo tsopano. Choyamba n'chapafupi koma amuna ambiri amachiphonya: kodi anaboola makutu, ndipo amavala? Mipingo ina, monga ya Adventist, salimbikitsa zodzikongoletsera zotere, ndipo amayi ena sangozikonda basi. Ngati amavala, onani zimene amavala kale, osati zimene zakongola pa chidole cha m'sitolo. Mayi amene amapita kumunda, kusenza madzi ndi kubereka mwana kumbuyo safuna ndolo zazitali zolendewera, chifukwa mwana amakoka, duku limakola. Tindolo tating'ono togwira pakhutu, kapena tozungulira tating'ono totsekeka bwino, ndi timene timakhalitsa. Tcheni chopyapyala kwambiri chimaduka pa mwezi woyamba, ndipo nthawi zambiri chimaduka pa kachingwe kotsekera, ndiye kayeseni kangapo musanalipire.

Golide weniweni amakhala ndi nambala yodindidwa pamalo obisika, pa kotsekera kapena m'kati mwa mphete. Nambala 750 ikutanthauza makarati 18, kapena kuti magawo atatu mwa anayi ndi golide. Nambala 585 ndi makarati 14, ndipo 375 ndi makarati 9. Siliva wabwino amalembedwa 925. Zilembo GP zikutanthauza kuti n'chitsulo china chongokutidwa ndi golide pamwamba. Koma nambala aliyense atha kudinda, choncho nambala yokha si umboni. Maginito amathandiza pang'ono: golide ndi siliva sizikokedwa, ndiye chikakakamira ku maginito chisiyeni. Chikapanda kukakamira musafulumire kusangalala, pakuti mkuwa nawonso sukokedwa. Chitetezo chenicheni ndi kugula m'sitolo yokhazikika, n'kulandira lisiti lolembapo makarati ndi kulemera kwake m'magalamu. Wogulitsa akakana kulemba zimenezo, wakuuzani kale zoona. Mnyamata wokupezani pa depoti ndi tcheni chokulunga m'pepala, akunong'ona kuti wachitola ndipo akufuna ya thiransipoti yokha, akugulitsani mkuwa, ndipo chikakhala chenicheni ndiye kuti n'chakuba. Golide wa okumba a ku Chifunde ndi ku Macanga musamuyandikire: kugula wosayengayo kumafuna chilolezo cha boma, ndipo inu mulibe njira yodziwira chimene akupatsani. Makoza a minyanga ya njovu ndi mlandu wa kundende.

Ndi ndalama zanuzi, maganizo anga ndi akuti golide wa makarati 18 mumuiwale chaka chino. Ndolo zazing'ono za siliva wa 925, kapena zachitsulo chosachita dzimbiri, n'zabwino ndipo sizinamizira kukhala chimene sizili. Siliva amada pakapita nthawi koma amayera akapukutidwa. Zongokutidwa zotchipa zija thukuta ndi sopo zimazisenda, ndipo zambiri zimakhala ndi chitsulo cha nikelo chimene chimayabwitsa ndi kutupitsa makutu a anthu ena. Mukaphatikizapo chitenje chabwino cha nsalu yolemera ndi ndalama ya telala, mphatsoyo yakwana. Mphete ikufuna muyeso: tengani imene amavala kale mujambule mkati mwake papepala. Mikanda ya m'chiuno ndi nkhani ya inu awiri kuchipinda, siperekedwa pagulu pamodzi ndi mphatso za ana.

Tifike kwa mnyamatayo. Kuimba kwaya ndi chizindikiro chabwino, koma chida chimafuna zambiri kuposa mawu. Chimafuna woti amuonetse poika zala, ndiponso mtima wopirira miyezi yoyamba imene chilichonse chimamveka moipa. Musanagule, lankhulani ndi mphunzitsi wa kwaya yawo. Iyeyo akudziwa ngati mwanayo amatsalira ena atapita kuti agwireko kiyibodi ya tchalitchi, komanso akudziwa amene angamuphunzitse m'deralo. Ngati mnyamata wanu anayamba wadzipangira yekha banjo ya chigubu cha mafuta ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga, musakayikenso, ameneyo chida sachigoneka pansi pa bedi.

Simunanene ngati kumudziko kuli magetsi a kampani ya EDM, ndipo nkhani ya kiyibodi yagona pamenepo. Makiyibodi ambiri ophunzirira a Yamaha ndi Casio amatha kuyendera mabatire asanu ndi limodzi a AA, koma mwana woyeserera tsiku lililonse amawamaliza msanga, ndipo mtengo wa mabatire udzakhala msonkho wanu wa mwezi ndi mwezi. Sola yaing'ono younikira ndi kutchajira foni si nthawi zonse imakwanitsa. Ngati magetsi alipo, gulani ya makiyi 61 a msinkhu wonse, osati tija ta ana ta makiyi ang'onoang'ono tokhala ndi maikolofoni ndi magetsi othwanima. Ndi bwino ikhale yoti ukadina mwamphamvu imalira kwambiri, ukadina pang'ono imalira motsitsa, chifukwa zala zimaphunzira pamenepo. M'sitolo dinani kiyi iliyonse, yoyera ndi yakuda, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, makamaka ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito. Adaputala ikhale yake yeniyeni, popeza mitundu yosiyana imafuna mphamvu yosiyana ndipo yolakwika itha kuotcha chida. Nyengo ya ziphaliwali azizula pakhoma akamaliza. Fumbi, mphemvu ndi nyerere zimalowa pansi pa makiyi, ndiye aziphimba ndi chitenje. Ndipo ikafa, wokonza mwina apezeka ku Ulongué, mwinanso mpaka ku Tete.

Palinso china chimene ndachionapo kangapo. Kiyibodi ikalowa m'mudzi mmene tchalitchi chilibe yake, pakangotha mwezi imasanduka ya mpingo. Ipita ku ukwati, ipita ku msonkhano wa achinyamata pa kabaza, ndipo mwini wake wa zaka 14 sangawakanize akuluampingo. Ngati mukufuna kupereka ku mpingo, perekani poyera ndipo Mulungu akudalitseni. Ngati ndi ya mwana, nenani inuyo pamaso pa anthu kuti ikatuluka pakhomo, mwini wake atuluke nayo.

Pa zifukwa zonsezi, ine ndingasankhe gitala. Safuna magetsi, amanyamulika, ndipo zambiri zimene zimawonongeka pa gitala, monga nsambo ndi zokungira, munthu amasintha yekha. Koma gitala woipa amapha chidwi cha mwana msanga kuposa kusowa gitala. Pitani ndi munthu wodziwa kuimba. Mukapanda kumupeza, chitani izi. Ikani gitalayo ngati mfuti, muyang'ane m'mbali mwa khosi lake kuchokera kumutu: likhale lowongoka, losapindika ngati uta ndi losapotoka. Werengani tizitsulo topingasa pakhosipo mpaka ka nambala 12, muone mpata wa pakati pa kachitsuloko ndi nsambo. Uzikhala pafupifupi mamilimita atatu. Ukakula kufika asanu kapena kuposa, zala za mwana zidzachita matuza ndipo nyimbo sidzamveka molondola ngakhale akunge chotani. Yesani kulowetsa pepala pansi pa kathabwa kamene nsambo zamangidwapo pamimba pa gitala. Likalowa, ndiye kuti kayamba kumatuka. Zunguzani zokungira zonse zisanu ndi chimodzi muone ngati zikugwira osaterereka. Kenako dinani nsambo iliyonse pa kachitsulo kalikonse, mumvetsere ngati pali pamene pakunjenjemera.

Magitala alipo a nsambo za nayiloni ndi a nsambo zachitsulo. A nayiloni ndi ofewa ku zala koma khosi lake ndi lalikulu ndipo mawu ake ndi otsika. A zachitsulo amapweteka masabata oyamba, koma amamveka pakati pa kwaya, ndipo ndi amene achinyamata ambiri amafuna. Pa mitundu yodziwika ya ophunzira, Yamaha C40 ndi wa nayiloni pamene Yamaha F310 ndi wa zachitsulo. Dzina lolembedwa pamutu lisakunyengeni, abodza alipo, choncho muyeseni monga ndanenera. Chimene simuyenera kulola ndi kuika nsambo zachitsulo pa gitala wopangidwira nayiloni, chifukwa zimakoka mwamphamvu mpaka kuzula kathabwa kaja kapena kupinda khosi. Mnyamata wa zaka 14 atha kugwira gitala wamkulu, pokhapokha ngati ali wochepa thupi. Gulirani pomwepo mapaketi awiri a nsambo, pakuti zopyapyala zija zimaduka kawirikawiri ndipo ku Dómuè simungayembekezere kuzipeza, komanso chikwama chake. Pulogalamu yothandiza kukunga nsambo imapezeka yaulere pafoni.

Gitala amaopa kutentha. Matabwa ake ndi opyapyala ndipo agwidwa ndi guluu, ndiye mukamusiya m'galimoto yotseka pa dzuwa la ku Moatize, kapena m'chipinda cha malata chopanda siling'i masana onse, guluu amafewa nsambo zikukoka. Mukagula, masulani nsambo pang'ono, musungeni pansi pamthunzi, ndipo pa ulendo mukhale naye pamiyendo m'minibasi zija timati chapa. Musalole kondakitala amuike pamwamba pamodzi ndi matumba. Akafika kumudzi asamutsamiritse ku khoma lonyowa kapena pafupi ndi moto.

Musaiwalenso kuti chigawo chathu chili ndi zoimbira zakezake. Anyungwe a m'mbali mwa Zambezi amadziwika ndi nyanga, zitoliro zija zoimba anthu ambiri akuvina mozungulira, ndiponso kalimba. Kwaya zambiri za ku Angónia zimayenda ndi ng'oma ndi maseche, ndipo ng'oma yosemedwa bwino ndi mphatso imene wokonza wake ali m'mudzi momwemo. Poisankha onani kuti thunthu lake lilibe mng'alu, chikopa chilibe timabowo ndipo zikhomo zagwira. M'dzinja chikopa chimalefuka, amachiwamba pamoto pang'ono n'kubwerera. Apa ndikunena ng'oma ya kwaya ndi ya chisangalalo. Za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, zili ndi eni ake ndi malamulo ake, sizogulira mwana ngati choseweretsa. Ana enawo, azing'ono ake a mnyamatayu, muwaganizireko kanthu, ngakhale nsapato za kusukulu, kuti gitala asasanduke chiyambi cha ndewu.

Msewu wochokera ku Moatize kudzera pa Mussacama kukafika ku Ulongué ndi wautali, ndipo chapa cha sabata ya Khirisimasi chimadzaza mpaka pakhomo. Kuchoka pa tala kulowa kumidzi, mvula ikagwa usiku, galimoto imatha kutitimira ndipo katundu amamalizira pa ngolo. Galasi la kabati ndi miyendo ya tebulo sizipirira ulendo wotere, chimenenso ndi chifukwa china chokhomera mipando kufupi ndi kwanu. Mukaganiza zogula matabwa okhaokha kuno kuti mukapatse mmisiri wa kumudzi, dziwani kuti matabwa pamsewu amafuna chikalata cha a zankhalango, ndipo popanda chimenecho atha kulandidwa pa chipata. Ena a ku Angónia amaoloka pa Calómuè kukagula ku Dedza, popeza ndi pafupi kuposa ku Tete. Mukatero, werengerani bwino kusintha kwa metikali ndi kwacha tsiku limenelo, sungani lisiti, ndipo katundu wamkulu ngati kiyibodi mumuonetse kwa a kasitomu pobwerera m'malo modutsa naye njira zachidule. Funsaninso wogulitsayo ngati angalandire chinthucho chikapezeka ndi vuto, ndipo alembe yankho lake pa lisiti lomwelo.